Mbali Ziwiri, Dzanja Limodzi

1. Mapiri a fomu

Nevena anali mtsikana wosadziwa kukhala pansi. Akakhala pa mpando mwendo unkavina wokha, akaimirira manja ankafuna chogwira. Mayi ake ankati mwanayo anabadwa akuthamangira basi. Ife a m'gulu la masewera a nkhondo tinkamutcha Kamphepo, ndipo dzinalo sankakwiya nalo chifukwa analibe nthawi yokwiyira.

Gulu lathu linkakumana m'chipinda chapansi cha nyumba yowerengeramo mabuku, m'tawuni yathu ya Troyan. M'chipindamo munkazizira ngati m'firiji, ndipo munkanunkha guluu ndi penti chaka chonse. Pa matebulo ake pankamenyedwa nkhondo zoopsa za tiasilikali totalika ngati chala. Magazi sankakhetsedwa, kupatula a munthu amene wadzicheka yekha ndi mpeni.

Nkhondo imafuna bwalo, ndipo mabwalowo tinkamanga tokha ndi fomu, mabolodi opepuka aja amene amisiri amamata kunja kwa nyumba zosanja kuti chisanu chisalowe. Zidutswa zotsala ankatipatsa. Tinkazisanja, kuzimata ndi kuzisema mpaka patuluke phiri, chigwa, mtsinje ndi msewu.

Mkulu wa gulu anali a Tsanko, nkhalamba yowerama msana imene inakalambira pa ntchito yopenta nkhalango ndi nyumba zachifumu za zisudzo za zidole. Ana onse ankawatchula kuti amalume. Chaka chimenecho, chisanu chitangoyamba, iwo anapatsa Nevena chimene ankawavutitsa nacho tsiku ndi tsiku: kumanga yekha bwalo lodzasewerapo alendo a gulu la ku tawuni ya Lovech.

Kwathu ntchito imeneyi ili ndi mwambo wake. Bwalo likatha, womanga amaimirira pamaso pa onse n'kunena kuti, "Mbali zonse ziwiri ndazimanga ndi dzanja limodzi." Akatero amalemba dzina lake m'mphepete mwa bwalolo ndi mpeni wotentha, kenako mlendo ndiye amasankha mbali yosewerera. Munthu wopanda dzina pa bwalo, ngakhale atamera ndevu, ntchito yake imakhala yosesa zinyenyeswa. Nevena tsache linali litamukwana. Dzinalo ankalifuna koposa chakudya.

Tsiku lomupatsa fomu, a Tsanko anamukhazika pa mpando.

"Tamvera, mwana wanga, ndipo mwendowo uwuuze upume kaye," anatero. "Fomu ndi chinthu chofatsa, chimavomera chilichonse chimene mpeni wanena. Koma chili ndi mdani mmodzi, penti wopopera wa m'chitini uja. Akakhudza fomu yosavala, amaidya ngati moto. N'chifukwa chake timayamba taiveka guluu paliponse, osasiya ngakhale pokwana nsonga ya singano, kenako n'kudikira kuti aume gwa. M'chipinda muno guluu sauma msanga. Udzamuyang'ana, nayenso n'kumakuyang'ana. Usamukakamize, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo ukamaliza kupaka guluuyo, mpeni uubweze m'kabati. Bwalo lovala kale salichekanso."

"Ndamva, amalume," anayankha Nevena, maso ali pa mpeni.

"Sunamve, wangoyankha. Chachiwiri ndi ichi: womanga bwalo alibe mbale, alibe mnzake. Mlendo akabwera amakhulupirira maso ake ndi dzanja lako. Sagwada kuti afufuze chitsamba chilichonse, chifukwa kutero n'kukutukwana. Ukamupusitsa kamodzi sadzabweranso, ndipo adzakauza a ku Pleven ndi a ku Gabrovo kuti mapiri a ku Troyan amanama. Zikadzatero tidzatsala tokha muno, kujomphana tokhatokha ngati nkhuku za khola limodzi. Wamva tsopano?"

"Ndamva zenizeni."

Koma anali ataimirira kale, fomu ili m'khwapa.

2. Pempho la Rumen

Tinene zoona, mwanayo dzanja anali nalo. Kumpoto kwa bwalo anamanga phiri lalikulu, pamwamba pake nsanja yogumuka. Kumwera anaika minda ndi kankhalango, ndipo pakati anadutsitsa mtsinje ndi mlatho wake. Guluu anamudikira, ngakhale ankamutukwana chamumtima, ndipo penti anagwira bwinobwino. Pofika Lachisanu masana kunangotsala kudzala mitengo, alendo n'kubwera mawa lake.

Nevena anali yekha m'chipindamo pamene mchimwene wake Rumen anatsika masitepe, atanyamula banitsa yotentha m'pepala, chitumbuwa cha kwathu cha tchizi.

Rumen ndiye anali katswiri wathu. Tonsefe ankatigonjetsa akuyasamula. Koma ku Lovech kunali mnyamata wina dzina lake Delyan, ndipo akakumana awiriwa, Rumen ankabwerera kunyumba makutu ali gwa, osalankhula ndi munthu. Mawa lake ankakumananso.

Asilikali onse a Rumen anawapenta ndi Nevena. Woyamba anali kamsilikali koimba ng'oma, kamene anakapenta akadali wamng'ono, penti wofiira wa chipewa atayenderera mpaka pamphuno. Rumen sankalola munthu kukaseka. Nkhondo iliyonse ankakaika patsogolo, ati kamamupatsa mwayi.

"Kamphepo, idya," anatero Rumen. "Wawonda ngati bulashi."

"Mukufuna chiyani, achimwene? Inu kugulira munthu banitsa popanda chifukwa, ndiye kuti dziko latha."

Rumen anaseka, kenako anawerama n'kuika diso pafupi ndi nsanja ija. Pa masewerawa msilikali amawombera chokhacho chimene akuchiona, choncho osewera amawerama kuti aone ndi diso la kamsilikali kawo. Chobisika kuseri kwa chinthu sichiwomberedwa.

"Delyan amakonda phiri ngati mbuzi," anatero. "Akangoona pokwera, mutu umaima. Mawa asankha kumpoto, ndikulumbira, ine nditsala kumwera kuno. Iweyo ungondisemera kangalande kuseri kwa mitengoyi, kokafika patsinde pa phiri. Kokuya pang'ono chabe, koti apakavalo anga adutse osaoneka. Pamwamba uikepo zitsamba. Angaone ndani?"

"Bwalo lavala kale, achimwene. Amalume Tsanko anati..."

"Amalume akula, maso awo amangoona phiri lokha."

"Nanga mawu aja? Mawa ndikanena chiyani pamaso pa anthu?"

"Ukanena zoona. Kodi uli ndi manja angati osemera? Si limodzi lomweli?"

Nevena sanaseke. Anazungulira tebulo, nabwerera pomwe anachokera, nazunguliranso.

Apo nkhope ya Rumen inasintha. "Chemwali, ndani anakulowetsa muno pamene anyamata onse ankati mtsikana azikasewera ndi zidole? Ndani anamenyana ndi anthu chifukwa cha iwe? Sindinakupemphepo kanthu. Lero ndapempha kangalande, ndiye wayamba kundiwerengera malamulo? Chibale ndi fupa, sichiola. Kapena chako chinaola?"

Mawu amenewo anamulasa Nevena, pakuti mchimwene wakeyo ankamukonda kwambiri. Anaika banitsa pambali, natsegula kabati. Mpeni unali pomwe anausiya.

3. Chitini

Kusema sikunachedwe. Dzanja lodziwa ntchito limafulumira ngakhale pa ntchito yoipa. Posakhalitsa kangalande kanatuluka kuseri kwa kankhalango, kokhotakhota mpaka patsinde pa phiri.

Vuto linali limodzi. Pamene mpeni unadutsa, fomu inkaoneka ya buluu wowala pakati pa dothi lopenta, moti ngakhale munthu wa diso limodzi akanaiona ali pakhomo.

Nevena anapaka guluu, nayamba kumuuzira ndi pakamwa. Anamukupiza ndi katoni. Anakhudza ndi chala, chala chinabwerako choyera. Anathamangira ku mapaipi otenthetsa nyumba, koma anali ozizira ngati mphuno ya galu. Anabwerera, nakhudzanso.

"Umatu, iwe!" anakuwa.

Kumwamba kunamveka makiyi a mayi osamalira nyumbayo. "Ana inu pansipo, ndikutseka! Musandichedwetse, ndili ndi kwathu!"

"Tikubwera, azakhali!" anayankha Rumen. Anatenga chitini cha penti pa shelefu n'kuchigwedeza. "Pukuta guluuyo, sauma lero. Popera uyu, amauma msanga."

"Adya fomu."

"Ukapopera pafupi. Iwe ima patali, pang'ono chabe. Kodi zonse zimene amanena akuluakulu zimachitika?"

Makiyi analiranso. Nevena anapukuta guluu ndi nsanza, nalandira chitini, natseka diso limodzi, napopera.

Poyamba zinaoneka ngati zatheka. Buluu uja anazimirira, ndipo Rumen anaomba m'manja. Kenako kunamveka kaphokoso, ngati mafuta akamayamba kutentha m'chiwaya. Fomu inayamba kukwinyika, kunyala, kumira. Fungo loipa linadzaza chipinda. Kangalande kaja kanakula iwo akuyang'ana, mpaka kanasanduka chigwembe chamakwinya chokwana dzanja lonse.

Kwina konse, kumene kunali guluu wouma, sikunasinthe n'komwe. Penti anadya ndendende pamene mpeni unadutsa.

Nevena anagwira pakamwa, misozi ili m'maso. "Ndaononga, achimwene! Ndaononga bwalo langa!"

"Waononga chiyani?" Rumen anali atawerama kale, akuyeza ndi wapakavalo mmodzi. "Taona! Zaposa ndi zimene ndimafuna. Muno mungabisale ngakhale ngolo. Bweretsa ndere zouma zija, tiphimbe msanga."

Anaphimba. Pamwamba anadzalapo mitengo ndi zitsamba, moti pankaoneka ngati nkhalango yowirira chabe. Anakwera masitepe mothamanga, mayi a makiyi akuwakalipira.

Kunyumba Nevena anangotakasa nyemba zake m'mbale. Mayi ake anamuyang'ana, nayang'ananso pansi pa tebulo.

"Mwendo wako lero ukuvina nyimbo yachilendo," anatero. "Chavuta n'chiyani?"

"Ndi mantha a mawa, amayi," Rumen anamuyankhira, akudzigawira nyemba zina.

4. Mpeni wotentha

Alendo anafika Loweruka m'mawa, akukuntha chipale chofewa ku nsapato zawo. Chipinda chinadzaza anthu, mpweya uli tolotolo m'kamwa mwa aliyense.

Delyan anali mnyamata wamtali wa magalasi, woyankhula pang'onopang'ono. Anazungulira bwalo manja ali kumbuyo, monga amachitira mlendo waulemu.

"Wamanga ndani ichi?" anafunsa.

Tonse tinaloza Nevena.

"Aa, ndiye ife ku Lovech timangosewera pa matabwa ochekera anyezi," anatero Delyan, anthu n'kuseka. Anapisa m'thumba natulutsa kabokosi. "Ndinamva kuti womanga ndi watsopano. Ndakupangira timitengo ta waya, udzadzale pa bwalo lako lachiwiri."

Nevena analandira ndi manja awiri. Zikomo wake sanamveke.

Kenako a Tsanko anayandikira. Anayang'ana phiri, nagwedeza mutu mokhutira. Anayang'ana mlatho. Atafika pa kankhalango anaima, nakoka mpweya ndi mphuno. Fomu yodyedwa ndi penti fungo lake silitha msanga, ndipo mphuno imeneyo inakalambira m'fungo la penti. Anaika chala pa ndere zija, chala n'kumira pang'ono. Anachichotsa.

Anapita kukhoma nalumikiza mpeni wotentha ku magetsi. Utatentha, anaupereka kwa Nevena.

"Mwana wanga," anatero, mawu awo ali otsika koma omveka kwa onse, "ine sindifufuza bwalo la munthu amene ndinamukhulupirira. Mpeni ndi uwu, dzina ndi lako. Koma ndikuuze chimene ndimauza aliyense woima pamene waimapo. Dzina lolemba ndi pensulo limafufutika, lolemba ndi moto silifufutika. Bwaloli lidzakhala muno iwe utakula, utapita ku Sofia kapena kutsidya kwa nyanja. Ana amene sanabadwe adzasewerapo, ndipo wogonja aliyense adzawerama kuti awerenge dzina la amene anamanga malo amene wagonjerapo. Ngati bwalo ndi loona, adzati ndagonja ndekha. Ngati si loona, tsiku lina adzadziwa, pakuti fomu sisunga chinsinsi. Lemba chimene udzathe kuchiwerenga uli ndi imvi ngati zangazi."

Rumen anatsokomola, namutsinzinira diso mlongo wake.

Nevena anagwada m'mphepete mwa bwalo. Nsonga ya mpeni inkatulutsa kautsi. Ine ndinali pafupi, ndipo ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo: mwendo uja unali utaima.

"Mbali zonse ziwiri," anayamba, "ndazimanga ndi..."

Anayang'ana kabokosi ka timitengo kamene kanali pa tebulo. Anayang'ana Delyan, amene ankamwetulira, kudikira kuti aombe m'manja.

Anaika mpeni pa kambale koikapo. Anaimirira, natambasula dzanja, nazula mitengo ija pamodzi ndi ndere zonse. Chigwembe chinaonekera poyera, chakuda, chamakwinya, kuchokera kumwera mpaka patsinde pa phiri.

"Ichi si ngozi," anatero. "Ndinasema dala kuti a kumwera adutse osaoneka. Kenako ndinapopera penti kuti ndibise."

Wina anaimba kamluzu. Alendo anayang'anana.

"Unaganiza wekha zimenezi?" anafunsa a Tsanko.

"Mpeni unali m'dzanja langa, amalume."

Dzina la munthu wina sanalitchule. Koma panalibe wosadziwa amene akanatsala kumwera Delyan akasankha phiri, ndipo maso onse anatembenukira kwa Rumen. Iye anafiira mpaka m'khosi.

A Tsanko anazula chingwe cha mpeni kukhoma. "Bwalo ili likhala lopanda dzina," anatero. Kenako anatembenukira kwa alendo. "Ana anga, mwayenda ulendo m'chisanu kudzaona manyazi athu. Tikhululukireni. Titsitse bwalo lakale, musewerepo."

Delyan anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso.

"Ayi, amalume, tisewera pomwepa. Bwalo lanena zoona tsopano. Mwambo ukuti mlendo asankhe, eti?" Anayang'ana Rumen. "Lero phiri ndakupatsa, mnzanga. Ine ndasankha kumwera."

Ndaonapo nkhondo zambiri m'chipinda chimenecho, koma yomvetsa chisoni ngati imeneyo sindinaione. Rumen anaima kumpoto, mizinga yake ili pa phiri, woimba ng'oma ali patsogolo. Apakavalo a Delyan analowa m'chigwembe mmodzimmodzi. Rumen ankawaona ndi maso ake, koma akawerama kuti aone ndi diso la msilikali, panalibe chowombera. Anawerama kumanja, anawerama kumanzere, thukuta lili kamukamu m'chipinda chozizira chija. Apakavalo anatulukira patsinde pa phiri, ndipo tiyi wa alendo asanazizire nkhondo inali itatha. Choipa chitsata mwini.

Delyan anatambasula dzanja. Rumen sanalilandire. Anakokolera asilikali ake m'bokosi ngati akukokola nyemba, nakwera masitepe osacheuka.

5. Woimba ng'oma

Anthu atabalalika, a Tsanko anatenga tsache kuseri kwa chitseko nalipereka kwa Nevena.

"Wabwerera kwa mnzako wakale," anatero.

"Mundichotsa m'gulu, amalume?"

"Ndikanakuchotsa ukanalemba dzina lija. Ndinali nditaima pafupi ndi chitseko, wokonzeka kukutsegulira. Tamvera, mwana wanga. Dzulo unalakwa kawiri: unamvera mbale pamene unayenera kumvera bwalo, ndipo unathamangira penti pamene unayenera kudikira guluu. Kuthamanga sikufika. Lero dzanja lako lapezeka lonama, koma pakamwa pako pakana kunama. Dzanja ndingathe kuliphunzitsa. Usese mpaka chisanu chithe, kenako tidzaona. Lolemba ubwere ndi zovala zakutha, chigwembechi utseka wekha, ndipo guluu wake udzamudikira uli chikhalire pa mpando uwu."

"Nanga achimwene?"

Nkhalamba inapumira m'mwamba. "Ameneyo bala lake ndi lalikulu kuposa la fomuli, ndipo guluu wake ine ndilibe. Pita kunyumba."

Nevena anasesa mofulumira, natuluka. Kunja chipale chofewa chinali chitayambanso kugwa, ndipo dzuwa linali litapendeka. Njira yonse ankakonza mawu okauza Rumen, koma akafika pakati pa mawuwo ankawataya n'kuyamba ena. Mtima unkamuwawa. Dzina analitaya, ndipo tsopano ankaopa kuti wataya chinthu china choposa dzina.

Anakwera masitepe a nyumba yawo awiriawiri. Mayi ake anali kukhitchini, akusenda mbatata.

"Wabwera wekha?" anafunsa. "Nanga mchimwene wako?"

"Sanafike?"

"Anafika kalekale. Analowa kuchipinda, natuluka ndi chikwama chake chachikulu chija ndi jekete la bambo ako. Ndamufunsa za masewera, sanandiyankhe. Ine ndimayesa akubwerera kwa iwe." Mayiwo anaika mpeni pansi. "Nevena, chachitika n'chiyani?"

Nevena anathamangira kuchipinda. Pa shelefu ya Rumen, pamene pankakhala mabokosi a asilikali, panali mbee. Anatembenukira ku bedi lake. Pa pilo panaima kamsilikali kamodzi kokha, ng'oma ili pamimba, penti wofiira atayenderera mpaka pamphuno.

Rumen anali asanapiteko kulikonse osakatenga.

Nevena anakafumbata, natsika masitepe osamanga n'komwe zingwe za nsapato, mayi ake akumuitana pambuyo. Pakhomo anaima. M'chipale munali mapazi a munthu mmodzi, ndipo anawazindikira kuti ndi a Rumen. Sanalunjike ku nyumba yowerengeramo mabuku kapena ku siteji ya basi. Analunjika ku msewu wokwera kumapiri, ndipo chipale chatsopano chinali chitayamba kale kuwakwirira.